Ng'ombe Yomwa Dizilo

Zebedee Mwalwimba analanda galimoto ya mkazi wamasiye wa mkulu wake. Anailanda dzuwa lili pamutu, anthu akuona, ndipo chida chake chinali liwu limodzi lokha. Dzina lake ndi limenelo, Zebedee wa ku Hara, amene amayimba besi m'kwaya ya abambo. Asadzati sanatchulidwe.

Wamasiyeyo ndi Febby, NyaKondowe. Mwamuna wake Morton anali makaniko wa zigayo za mpunga ndi mapampu a madzi. Kuyambira ku Hara mpaka ku Chilumba, injini ikatsokomola anthu ankati itanani Morton. Ndiye Morton ankabwera pa pikapu yoyera, yokalamba, ya chitseko chimodzi chobiriwira chifukwa choyambacho chinadyedwa ndi dzimbiri. Anaigula ndi mpunga wa zaka zinayi wa puloti ya Febby ku sikimu ya ulimi wothirira, kuphatikiza ng'ombe zitatu za m'khola mwake. M'kholamo munatsala imodzi yokha, yaikazi, yothyoka nyanga. Tsiku limene galimoto inafika pakhomo, Morton anaisisita pa boneti n'kunena kuti, "Ng'ombe zitatu zalowa mu imodzi." Dzina linakhala lomwelo. Palibe amene ankati pikapu ya Morton. Ana a sukulu ankakuwa kuti Ng'ombe ikubwera. Amayi okhala ndi matumba m'mbali mwa msewu ankati tiyeni tidikire Ng'ombe. Zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho.

Morton ankaopa akuba kuposa njoka. Kumbuyo kwa pikapu anawotcherera bokosi lachitsulo, lomata ku bodi, n'kulitseka ndi maloko awiri. M'menemo ndi mmene munkagona chuma chake chenicheni: masipanala, jeke, nyundo, makina owotcherera zitsulo. Chida chilichonse anachiviika kumchira mu penti wachikasu. Ankati, "Wakuba angachigulitse, koma wogula azichigwira ndi manyazi." Koma chinsinsi chachikulu chinali pansi pa mpando wa dalaivala. Anadula paipi ya dizilo, anaidutsitsa m'kati, anaikapo kampopi kakang'ono ngati chala, n'kukaphimba ndi chiguduli. Ukatseka kampopiko galimoto imalira bwinobwino, imanyamuka, imayenda ndithu mpaka dizilo wotsala m'fyuluta athe. Kenako zii. Siidzukanso mpaka utatsegula kampopi, kumasula kanati ka pa fyuluta ndi sipanala ya teni, n'kupopa mpaka thovu lithe.

Kutseka kampopiko Morton ankakutcha kumanga ng'ombe, ndipo odziwa anali awiri okha. Akaweruka, amatsika ali mafuta okhaokha kukasamba, Febby ndiye amalowa m'galimoto ngati akuchotsa zinyalala. Ali kubafa amafuula.

"NyaKondowe, ng'ombe mwamanga?"

"Ndamanga, bambo a Lughano."

"Ndi chingwe chanji?"

"Mukafunse kwanu."

Tsiku ndi tsiku, funso lomwelo, yankho lomwelo, n'kuseka ngati alimva koyamba.

Lamulungu lina akuba anaitenga galimotoyo pabwalo la tchalitchi ulaliki uli m'kati. Anayenda nayo mpaka pa kalavati ya ngalande yaikulu, pamene pali okala ya Asma, mayi wa ku Mangochi wogulitsa sopo ndi mchere. Pomwepo inafa. Akubawo anathawa kudutsa m'matope a mpunga, wina mpaka anasiya silipasi. Kuchokera tsiku limenelo Hara yonse inkati galimoto ya Morton ndi yokhwimira. Morton sanatsutse. Ankati, "Asiyeni, NyaKondowe. Mantha ndi loko wosachita dzimbiri." Febby ankaseka nawo. Sankadziwa kuti loko ameneyo adzatsekera iye yemwe.

Mwezi wa Ogasiti, mpunga wachilimwe utangowokedwa kumene, Morton anagwa akumanga lamba wa chigayo. Mbali imodzi inauma. Kuchipatala anayesa, kenako anamubweza kunyumba. Tsiku lachitatu masana anatsegula maso, lilime likulemera. M'chipindamo munali Febby, munali Zebedee, munali mlongo wa Morton ndi Zebedee, Bertha, ndi a Manase, bambo awo aang'ono, mkulu wa mpingo wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Morton anawayang'ana onse n'kunena pang'onopang'ono kuti aliyense amve.

"Ng'ombe yanga ndi ya Febby. Aimange yekha. Aimasule yekha."

Liwu loti ng'ombe silisintha, kaya munthu alankhule Chitumbuka, Chinkhonde kapena Chichewa. Onse anamva. A Manase anagwedeza mutu n'kuti, "Tamva, mwana wanga." Dzuwa lisanapendeke Morton anali atapita.

Maliro anaikidwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lughano, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire ku Kyela, analira masiku atatu n'kubwerera kwa ana ake. Febby anavekedwa chakuda kumutu, anakhazikidwa pamphasa, anauzidwa zimene wamasiye aliyense amauzidwa: sutuluka pakhomo, sukweza mawu, mpaka mwezi utha akulu adzakumasule.

Tsiku lachisanu abale anakhala pansi pa mango kugawa za malemu. Zovala zinapita uku ndi uku. Atafika pa zikuluzikulu Zebedee ananyamuka, anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kubwerako akukoka ng'ombe yothyoka nyanga ija, nthiti zikuwerengeka. Anaimanga pa mango.

"Alamu," anatero, mawu ali ofewa ngati nthochi yakupsa, "mawu a malemu sitingawaphwanye. Tonse tinamva. Anati ng'ombe ndi yanu. Ng'ombeyo ndi iyi. Galimoto ndi zipangizo, popeza mkulu wanga sanasiye mwana wamwamuna, zibwerera kwa a Mwalwimba."

Febby anadzutsa mutu. Wamasiye sadzutsa mutu, koma anadzutsa.

"Alamu, mukuidziwa ng'ombe imene ankanena."

"Ine ndimadziwa ng'ombe ya miyendo inayi."

"Iyonso ili ndi miyendo inayi!"

Wina kumbuyo anaseka, kenako anasandutsa kusekako chifuwa. Febby anayang'ana nkhope zonse. Panalibe munthu pamenepo amene sanakwerepo Ng'ombe. Ena inawanyamulira mpunga, ena odwala, ena mabokosi a maliro. Onse anapeza chofunika kuyang'ana pansi. Anatembenukira kwa a Manase.

"Adada, inu munalipo. Nenani."

A Manase anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Mwana wanga, munthu akamamwalira mawu ake timawatenga mmene alili. Sitiwonjezera mchere."

Makiyi anali pa msomali kuseri kwa chitseko. Zebedee anakawatenga yekha. Analiza injini, anaimba hutala kawiri ngati wapambana mpikisano, n'kutuluka pakhomo fumbi lili kobo. Febby anakhala pamphasa akumvetsera. Anali ataimanga ng'ombe tsiku limene Morton anagwa, ndipo panalibe amene anaimasula. Anamva kulira kwake kukuchepa, kukuchepa, kudutsa pa chigayo, kudutsa pa mjigo. Kenako zii.

Analowa m'nyumba, anapisa dzanja m'thumba la mbewu mmene Morton ankabisa kiyi wina, anatenga sipanala ya teni pawindo n'kuimangirira kunsonga kwa chitenje. Atadutsa pa mango Bertha anakuwa.

"Alamu! Mukupita kuti ndi chakuda kumutu?"

"Ng'ombe yanga yasochera."

Anaipeza pa kalavati pomwe paja, boneti ili yasa. Zebedee anali atakankha, atatukwana, ataimenya theche, kenako anakwera njinga yamoto kukasaka makaniko ku Uliwa. Anthu anali atadzaza mthunzi wa okala ya Asma.

"Amayi a Lughano, mwatuluka?" anafunsa Asma, dzanja lili pakamwa. "Mwezi sunathe!"

"Mwezi uthe galimoto ili ku Mzuzu? Tapatukani."

Kuti anthu asaone pamene dzanja likupita, Febby anamasula nsalu yakuda ija kumutu, anadziphimba nayo mpaka m'mapewa, n'kuwerama pansi pa mpando. Kenako anapita ku injini, nsalu ili pamutu pomwepo, anamasula kanati n'kuyamba kupopa. Morton anamuphunzitsa kuwerenga mpaka makumi atatu, ndiye milomo inkayenda. Anthu anaona mkazi wamasiye atafunda chakuda akunong'oneza injini. Atatembenuza kiyi, Ng'ombe inatsokomola kawiri n'kudzuka. Panalibe amene anaombera m'manja. Mayi wina anakoka mwana wake kumubisa kumbuyo.

Febby ankadziwa magiya awiri okha, amene anaphunzira pabwalo loyanikira mpunga. Anabwerera pa giya yachiwiri, injini ikubuula, anthu akupatuka kutali kuposa mmene galimoto imafunira. Atafika, pa mango panalibe munthu. Panatsala ng'ombe yothyoka nyanga ikumuyang'ana.

Kuchokera tsiku limenelo pakhomo pa Febby panamera udzu. Amayi a mvano amene ankabwera kudzagona naye anasiya. Wopempha moto ankadutsa kupita nyumba yachitatu. A Manase anatumiza mawu akuti popeza wadzimasula yekha, akulu alibe choti adzamasule. Chakuda chinakhala chake mpaka kalekale.

Iye sanalire. Analibe nthawi. Anatsegula maloko awiri aja n'kututa zipangizo zonse, chimodzichimodzi, kulowetsa m'nyumba. Makina owotcherera anawakoka pa thumba, msana ukulira. Zonse anazilowetsa kunsi kwa bedi, mbali imene Morton ankagona, n'kutsekanso bokosi lopanda kanthu ndi maloko ake kuti wooneka aone kuti chuma chili momwemo. Chipinda chinayamba kununkha girizi. Fungo limenelo linali la mwamuna wake, ndipo linamupweteka kuposa nyimbo zonse za pamaliro.

Galimoto anaiimika pafupi ndi khonde, anailiza kampopi kali kotseka mpaka inafa yokha, kuti ngakhale kulira isalire. Komabe sakanachoka. Kampopi kamaletsa wakuba wothamanga, koma sikaletsa munthu wobwera ndi makaniko n'kukhala pansi tsiku lonse kufufuza paipi. Kawiri Zebedee anabwera ndi makaniko wa ku Uliwa. Anaima kumsewu, anamupeza Febby atakhala pa mpando wa dalaivala, chitseko chobiriwira chili chotsegula, chikwanje chili pamiyendo. Makaniko anayang'ana chakuda chija, anayang'ana chikwanje, n'kunena kuti wakumbukira ntchito ina.

Ndiye masiku ankatha choncho. Ankasankha mpunga m'galimoto. Ankadyera m'galimoto. Dzuwa likatentha chitsulo ankatsika n'kukhala mumthunzi wake, msana utatsamira tayala. Lughano akaimba foni ankati, "Amama, asiyireni, bwerani kuno." Febby ankayankha kuti, "Ndisiye mpunga wanga wa zaka zinayi? Ndisiye mawu a bambo ako?" Mwana ankangolira, mayunitsi n'kutha. Wolankhula naye wina analibe, kupatula ng'ombe ija. Poyamba ankadana nayo. Koma nyama siinalakwe, ndipo inkamuyang'ana ndi njala, ndiye anayamba kuimwetera udzu wa m'mbali mwa mpanda ndi kuipatsa gaga. Dzuwa likapendeka ankalowabe m'galimoto, kupisa dzanja pansi pa mpando, kugwira kampopi kotseka kale. Tsiku lina anadzimva akunena mokweza kuti, "Ndamanga." Kubafa kunali zii. Ng'ombe yokha ndiyo inatembenuka.

Koma ku sikimu madzi sadikira wamasiye. Chilimwe madzi amayenda mosinthana, ndipo puloti ya Febby inkalandira Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Mwini akapanda kubwera kudzatsegula kangalande kake, madzi amapitirira kwa wotsatira. Anaphonya kawiri, anaphonya katatu. Asma, amene yekha ankamupatsabe moni ali kumsewu, anamuuza kuti nthaka yayamba kung'aluka ndipo mpunga ukusanduka wachikasu ngati michira ya masipanala. Febby anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Akapita kumunda, galimoto yapita. Akakhala, chakudya cha chaka chapita.

Sabata yachitatu abale anabweranso pa mango, ndipo ulendo uno anabwera ndi anthu ambiri. Zebedee sanalankhule. Wolankhula anali Bertha.

"Ife tikufuna kudziwa. Galimoto yomvera munthu mmodzi, ndi galimoto imeneyo? Mlongo wanga Zebedee yamukana. Makaniko wathawa. Koma alamu afunda chakuda, anong'oneza, yadzuka. Anthu anaona. Ndiye ifenso tikufunsa: mlongo wanga Morton anagwa bwanji ali chiimire, munthu wosadwala ngakhale chimfine?"

Amuna ena kumbuyo sanakhale pansi, ndipo Febby anadziwa tanthauzo lake. Mkazi akatchulidwa mfiti ku mudzi wa eni, nyumba siichedwa kupsa.

Anali ndi umboni umodzi wokha, waukulu ngati chala. Kampopi kakanasonyeza kuti palibe mankhwala. Kakanasonyezanso ng'ombe imene Morton ankanena. Koma kuonetsa kampopi ndiko kupatsa wakuba chingwe m'manja. Zaka khumi ndi chimodzi chinsinsi chinasungidwa ndi anthu awiri, wina anali kumanda. Anayang'ana a Manase. Anaganiza kuti munthu wonyamula Baibulo Lamulungu lililonse, akaona ndi maso, sangakanenso. Kulakwa kwake kunali kumeneko.

Anaimirira.

"Adada, bwerezani mawu a malemu. Onse, osadula."

A Manase anayankha motsitsa. "Anati ng'ombe yanga ndi ya Febby. Aimange yekha, aimasule yekha."

"Yewo. Alamu a Zebedee, kamasuleni ng'ombe iyo pa mango."

"Za chiyani?"

"Mukuopa nyanga imodzi?"

Anthu anaseka. Zebedee anapita, anakoka mfundo kamodzi, chingwe chinagwa.

"Mwaona? Imeneyo ngakhale mwana wa sitandade wani amasula. Morton akanavutikiranji ndi lilime louma kunena kuti ndimasule ndekha? Tsopano makiyi muli nawo m'thumba, amene munatenga kuseri kwa chitseko changa. Masulani iyi."

Zebedee analowa. Anatembenuza kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, osagwira. Anayesanso mpaka thukuta linatsika m'khosi. Anatsika osayang'ana munthu.

"Bwerani pafupi nonse," anatero Febby. "Alamu a Bertha, inu patsogolo, muone mankhwala anga."

Anachotsa chiguduli. Kampopi kanali apo, kakuda ndi mafuta. Anakatsegula aliyense akuona. Anatsegula boneti, anamasula sipanala ya teni kunsonga kwa chitenje, anapopa akuwerenga mokweza, wani, thuu, fili, mpaka sate, kuti amve bwino zimene ankanong'oneza pa kalavati. Anatembenuza kiyi. Ng'ombe inadzuka n'kugwedeza bwalo lonse.

"Uku ndiye kumasula ng'ombe. Kutseka ndiye kumanga. Morton ankandifunsa tsiku lililonse ali kubafa, ndipo a nyumba iyo ankamva, a nyumba iyonso ankamva. Ndanama?"

A nyumba iyo anayang'ana kumwamba kwa mango. Amuna oimirira aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akuseka kuti Morton anali kathyali. A Manase anawerama, anagwira kampopi ndi chala, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Nadi, apa palibe mankhwala. Bertha, mawu ako uwabweze."

"Nanga za ng'ombe, adada?"

"Za ng'ombe," anatero akupukuta chala pa mpango, "ndi nkhani yofunika kuiganizira mofatsa. Tidzakhalanso pansi mpunga ukakololedwa."

Febby anatembenuka kuti aone nkhope ya Zebedee. Zebedee sankayang'ana iye, sankayang'ana a Manase. Maso ake anali pansi pa mpando.

Anachita zimene akanatha. Anachotsa batire n'kuilowetsa m'nyumba. Anatenga tcheni cha ngolo n'kumanga chiwongolero ku chitsulo cha mpando, n'kutseka ndi loko wa kukhitchini. Anakhala Lachinayi lonse m'galimoto. Lachisanu m'mawa anaima pakhonde, khasu lili m'manja, akuyang'ana galimoto, akuyang'ana njira ya ku sikimu. Akulu anali ataona ndi maso awo. Nkhani inali m'manja mwawo. Munthu angabe chinthu chimene akulu anena kuti tidzakhalira pansi? Anapita.

Puloti anaipeza itang'aluka moti phazi linkalowa. Anatsegula kangalande, madzi analowa akulira m'ming'alu. Anaima m'matope mpaka dzuwa linafika pamutu, osachoka, chifukwa ukachoka wotsatira amatseka. Azimayi a mapuloti oyandikana anamupatsa moni tsopano, popeza sanalinso mfiti, koma moni wake wa patali, wothamanga. Ali momwemo anamva kulira kumene akanakuzindikira ngakhale pakati pa magalimoto zana. Kunachokera kumudzi. Kunadutsa pa chigayo, kunadutsa pa mjigo, kunafika pa kalavati. Febby anaima ndi khasu m'mwamba, akudikira zii. Kulira kunapitirira. Anamva giya yachitatu, imene iye sanaiphunzire, kenako yachinayi.

Sanathamange. Anadikira mpaka madzi anafika kungodya yomaliza, anatseka kangalande, n'kubwerera. Pakhomo anapeza tcheni chili pansi, chodulidwa ndi sowo, ndi dontho la mafuta pamene galimoto inkaima. Ng'ombe yothyoka nyanga inkabzikula pa mango. Asma anabwera mpaka pa mpanda, osalowa.

"Anabwera ndi batire yawo, amayi a Lughano. Anati akulu avomereza."

"Munawaona ndi maso?"

"Ndinawaona akudutsa."

"Mukanene zimenezo kukhoti."

Asma anagwira mpanda ndi manja onse awiri. "Mayi, ine ndine wobwera. Okala yanga ili pamalo a a Manase. Ndikatsegula pakamwa, ana anga adya chiyani?" Anasiya paketi ya mchere pa mtengo wa mpanda n'kumapita, osacheuka.

Madzulo ake Zebedee anathyola maloko awiri aja kwawo n'kupeza bokosi lili mbee, muli chiguduli chokha. Anatuma mawu akuti zipangizo za a Mwalwimba zibwezedwe. Febby anabweza mawu akuti abwere adzazitenge kunsi kwa bedi la mkulu wake, iye ali pomwepo. Mpaka lero sanabwere.

Kukhoti Febby anapita wapansi, chakuda chili kumutu. Mayi wa pa tebulo anamulandira bwino, anamupatsa mpando, anamuuza kuti lamulo sililola kulanda za wamasiye. Koma atatsegula bulubuku, kabuku ka umwini wa galimoto kamene Febby anabwera nako, anapeza dzina la munthu amene anagulitsa galimotoyo kwa Morton, munthu woti anamwalira kale. Morton, wochenjera pa kampopi, sanasinthe dzina. Mayiyo anati, "Musataye mtima. Mlandu ulowa Lolemba. Bwerani ndi munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti anene kuti galimoto inali ya pakhomo panu, ndi kuti malemu akati ng'ombe ankatanthauza chiyani."

Munthu mmodzi. Febby anayenda Hara yonse. Mwini chigayo chimene Morton anagwerapo anati ndi nkhani ya m'banja. Mphunzitsi amene mkazi wake anachira pa msana pa Ng'ombe, pa ulendo wa kuchipatala mvula ikugwa, anati Lolemba ali ndi mayeso. Amayi a mvano anati tikupemphererani. A nyumba iyo, amene ankaseka nthabwala ya kubafa mpaka kuiloweza, anati makutu awo anayamba kale kuvuta. Aliyense anamupatsa madzi akumwa. Aliyense anamuperekeza mpaka pa msewu.

Pikapu ija tsopano imanyamula anthu ndi madengu a usipa pakati pa Uliwa ndi Chilumba. Zebedee anapaka chitseko chobiriwira penti woyera, koma kulira sikupakidwa penti. Ikamadutsa kumsewu waukulu Febby amaimva ali pakhonde, sipanala ya teni ili kunsonga kwa chitenje, ndipo ana a sukulu amakuwabe kuti Ng'ombe ikubwera. Ana amanena poyera. Akuluakulu ndiwo aiwala.

Tsono inu amene mukuwerenga izi, musayang'ane kumbali ngati a pa mango aja. Ngati munakhalako ku Hara, munaikwera. Ngati simunaikwere, inakunyamulirani thumba, kapena inakukonzerani pampu, kapena munapatuka panjira ikudutsa. Munamumva Morton akuitchula dzina, ndipo nanunso munaitchula ndi pakamwa panu pomwepo. Febby sakupempha chisoni, chisoni wadya chokwanira. Akufunsa funso limodzi, ndipo Lolemba m'mawa adzakhala pa benchi ya kukhoti, malo a pambali pake ali opanda munthu. Morton Mwalwimba akati ng'ombe yanga, ankanena iti? Yothyoka nyanga, kapena yomwa dizilo? Mukudziwa. Muyankheni.